Lachiwiri Limene Tinaseka

Lachinayi, 24 Julayi 1947

Mwera wayambanso, nawonso ayambanso. Mphepo ikamawomba chonchi amuna salowa m'madzi, amangokhala pansi pa mkuyu kusoka makoka, pakamwa posatseka. Nkhani ndi imodzi yomweyo: sitima ya Vipya, ndi komwe aliyense anali tsiku limene inamira. Lachitatu likudzali chikwana chaka.

Ndimadutsa ndi mtsuko pamutu. A Jailosi, malume ake a mwamuna wanga, amati iwo anali pa chilumba cha Mbenji, anaona nyanja itada bii ngati makala, nkuuza anzawo kuti lero kumpoto kwagwa chinthu. Wina amati anali kumeta ndevu, anameta tsaya limodzi, linalo anakameta patapita masiku atatu. Onse kuseka. Atandiona, zii. Nditangodutsa, ayambiranso.

Aliyense ali ndi pomwe anaima tsiku limenelo. Mwamuna wanga ndiye anali m'sitimamo, koma nkhaniyi eni ake ndi ometa ndevu.

Amanditcha Nachete pamudzi pano. Chabwino. Ndizilankhulira muno.

Lachisanu, 25 Julayi

Uthenga wabwera kuchokera kwathu kwa Maganga. Malume anga, a Mayeso, afika Lachisanu la sabata la mawa, Loweruka akhale pansi ndi a Jailosi, ankhoswe okhaokha. Ndi ulendo wachitatu. Akuti akabwereranso chimanjamanja sadzabweranso, miyendo yawo si njinga. Akutinso maso a mayi anga akunka nachita khungu, ndipo dimba langa la mpunga alipereka kwa wina mvula isanagwe ngati sindibwera.

Ndilembe zonse bwinobwino, kuti akandifunsa ndisachite chibwibwi.

Mateyu (ndizingoti M.) anachoka muno titakhala miyezi isanu ndi iwiri m'banja. Ankapita ku Karonga, komwe anamulonjeza ntchito ya ukalipentala. Anati akwera sitima ya pamtunda pa Salima, atsike pa Chipoka, pamenepo akwere ya pamadzi. Ya pamadziyo inamira kumpoto ndi anthu oposa zana. Mtembo wake sitinauone. Kalata palibe, chaka chathunthu.

Kwina komwe anataya anthu analira maliro. Anakulunga thunthu la nthochi m'malaya a womwalirayo nkuika m'manda, kenaka anameta, akazi amasiye anasudzulidwa nkupita kwawo. Ife ayi. Chifukwa a Jameson, oyandikana nafe, akuti tsiku lomwe sitimayo inkamira iwo anamuona M. wamoyo pa siteshoni pa Salima, akukwera sitima ya pamtunda yolowera ku Limbe. Ndiye Amayi, apongozi anga, anagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Akuti mwana wawo anasintha maganizo, ali ku Joni, tsiku lina adzatulukira.

Kulira analetsa. Akuti kulira munthu wamoyo nkumuitanira imfa. Tsiku lina anandipeza kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, misozi ili m'masaya. Anati, "Apongozi, mukufuna mwana wanga afe kuti mukakwatiwe kwina?" Chiyambire pamenepo sindinalirepo.

Ndiye ine ndine chiyani? Wapabanja wopanda mwamuna, wamasiye wopanda manda. Ndinabwera kuno chitengwa. Ndikachoka ndekha osasudzulidwa ndine mkazi wothawa banja, kumpingo andidula, kwathu azikandiloza ndi milomo. Ndikakhala, ndizitunga madzi muno mpaka imvi, kudikira munthu amene ali pansi pa nyanja.

Ndili ndi zaka makumi awiri.

Loweruka, 26 Julayi

Kuchitsime a Molly, akazi awo a Jameson, amauza anzawo kuti iwo tsikulo anali kusinja, munsi nkuthyoka pakati popanda chifukwa. Mayi wina ati nkhuku yake inalira ngati tambala. Wina ati mwana wake anakana bere tsiku lonse.

Onsewa anadziwa Lachiwiri lomwelo limene sitima inamira? Nanga bwanji uthenga utabwera Lachisanu ndi munthu wina wa pa njinga onse anagwira pakamwa? Mudzi wa aneneri, koma palibe ndi mmodzi yemwe anamuuza M. kuti usakwere.

Lamulungu, 27 Julayi

Titatuluka m'tchalitchi a Jameson anakhala pa chitsa chawo chija, anthu nkuwazungulira ngati akugawa mchere.

"Ine Lachiwiri limenelo ndinali pa siteshoni ndi mitanga iwiri ya usipa. Mphepo! Fumbi lokhalokha, chipewa ndachigwira chonchi. Ndikuti nditembenuke, uyo Mateyu, pawindo la sitima ya ku Limbe, jekete lake la kaki lija. Ndikuti, iwe Mateyu! Iye nkundikupizira chipewa. Maso angawa, abale, si a munthu wina."

Chaka chatha nkhaniyi inkathera pa chipewa. Lero yamera mchira. Akuti M. anakuwa kuti, "Mukawauze amayi ndidzabwera ndi bulangete!" Bulangete limeneli lachokera kuti? Chaka cha mawa adzabwera ndi njinga.

Amayi nkhope ngwee. Anauza mlamu wanga Anna kuti mawa akawapatse a Jameson (ndizingoti a J.) dengu la chinangwa.

Mayi wina kumbuyo kwanga, osatsitsa ndi mawu omwe: "Ukaona mwamuna walowera ku Joni osatsanzika, funsa za m'nyumba. Ndani angakhale ndi chitsa?" Ndinamva. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Mawu ndinali nawo, anafika pakhosi nkubwerera.

Ndawakwiyira onse. Koma wondikwiyitsa kwambiri ndi mwini pakamwa pangapa.

Lolemba, 28 Julayi

Ndasinja chimanga ngati ndikusinja munthu. Amayi ati ufa wake wasalala bwino.

Lachiwiri, 29 Julayi

Tikuyanika usipa, Anna anandifunsa chapansipansi, "Nanga inu alamu, munali kuti tsiku lija?" Ndi munthu woyamba kundifunsa. Ndinangoti, "Kunyanja." Anadikira kuti ndipitirize. Sindinathe.

Koma ndikudziwa komwe ndinali. Ndinali pa mwala wathyathyathya uja, ndikuchapa malaya oyera a M. amene anasiya chifukwa batani linathothoka. Sopo anali kachidutswa, kankanditerereka m'manja. Mphepo inandilanda malayawo, ndinawathamangira madzi mpaka m'mawondo. Nditawagwira ndinamva kuzizira m'mimba, ndipo ndinadziwa. Ndinayang'ana kumpoto nthawi yaitali. Ndikutha kuona chilichonse, ngakhale mbalame yoyera imene inaima pa bwato lothyoka.

Zimenezi ndi zanga. Sindingazitengere pansi pa mkuyu kuti azipikisanitse ndi ndevu za munthu.

Lachitatu, 30 Julayi

Chaka chakwana lero. Amayi anaphika thobwa. Osati la maliro ayi, akuti lothokoza Mulungu kuti mwana wawo sanakwere. Ine ndiye ndinapera chimera chake.

A J. anabwera ndi a Molly masana. Ndinagwada kuwapatsa chikho. Anali atatambalitsa miyendo pa mphasa, phazi lili pafupi ndi nkhope yanga, ndipo ndinaona chipsera chachikulu pa chidendene. A Molly anandiona ndikuyang'ana. Anaseka nkuti, "Musaope apongozi, ndi phazi lija linagwidwa ndi ng'ona ya pamchenga." A J. anati, "Iwe, pamaso pa anthu?" Onse kuseka, nkubwerera ku nkhani ya siteshoni.

Ng'ona ya pamchenga. Ndakumbukira. Ndinagwira beseni ine tsiku limenelo. Kunali mphepo, ndipo M. kunalibe, chifukwa ndinkafuna kudzamuuza. Nanga ngati kunali mwera ndipo M. anali atachoka kale, linali liti?

Kope la chaka chatha lili m'bokosi, pansi pa malaya ake. M. ndiye anandigulira pa sitolo ku Salima, ankati ndikapanda kulankhula ndizilemba, iye aziwerenga. Sindinalitsegulepo chichokere mwezi umene uja. Ndikuliopa.

Lachinayi, 31 Julayi

Amayi ndi Anna atapita kumunda ndinatsegula bokosi. Ndikopera muno monga ndinalembera.

"Lachiwiri 23 Julayi 1946. M. wapita. Ndamuperekeza mpaka pa mlambe."

"Lachitatu 24 Julayi. A J. abwerako ku Salima kogulitsa usipa. Akuti dzulo amuona M. akukwera sitima yopita ku Chipoka, anawakupizira chipewa."

"Lachiwiri 30 Julayi. Mwera waukulu, denga la khitchini ya a Molly lasasuka. Amuna amakokera mabwato kumtunda. A J. aponda mutu wa kampango umene unakwiririka mumchenga, minga yalowa m'chidendene. Akuwa, Ng'ona! Ng'ona yandigwira! Amuna onse kuthawa, a Jailosi kugwa chagada m'bwato. Amayi aseka mpaka kukhala pansi pamchenga, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindinasekepo chonchi chibwerere kuno. Ndidzamuuza M. Amayi atenthetsa madzi, ine ndagwira beseni."

Ndiye a J. sanali pa siteshoni tsiku limene sitima inamira. Anali pamchenga pano akuthawa mutu wa nsomba. Anamuonadi M., koma Lachiwiri la sabata linalo, akupita kukakwera imfa yake. Sitima ya ku Limbe ndi yomweyo imadzera pa Chipoka. Chaka chonse ndamangidwa ndi munthu amene anaphatikiza masiku awiri m'mutu mwake.

Kenaka ndinafufuza za malaya aja. Pa 30 palibe. Ndinazipeza pa Loweruka, 3 Ogasiti, uthenga utabwera kale dzulo lake: "Ndachapa malaya a M. Mphepo yandilanda. Ndaima m'madzi."

Ndiye nanenso ndine wa pansi pa mkuyu. Sindinadziwe kanthu. Sindinamve kuzizira kulikonse. Iye akumwa madzi kumpoto, ine ndinali kugwira nthiti.

Ndayang'ana tsamba limeneli tsiku lonse. Likhoza kundimasula. Koma likawerengedwa, liwerengedwa lonse.

Lachisanu, 1 Ogasiti

A malume a Mayeso afika masana, fumbi mpaka m'mawondo. Ndinawapatsa madzi osamba, atadya ndinagwada pambali nkuwauza za kope. Zinanditengera nthawi. Iwo sadziwa kuwerenga, analitembenuza uku ndi uku ngati nsomba ya pamsika.

"Iwe Eveles, pepala lako lingagwetse mawu a munthu wa imvi?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ukaliwerenga wekha adzati ukupeka. Tiitane aphunzitsi a Kenneth, awerenge iwo. Koma woyamba kutsegula pakamwa ukhale iwe. Ine ndatsegula kawiri, ndinabwerera ndi mphepo."

Atapita kukapereka moni kwa a Jailosi ndinanyowetsa chala ndi malovu. Ndi pensulo chabe, mizere itatu ya kuseka ija ikanachoka mosavuta. Chala chinafika pamwamba pa dzina la Amayi. Koma pepala lofufutidwa limaoneka, ndipo a Jailosi adzati wafufuta apa ndiye kuti walembanso apo. Ndinapukuta chala pa nsalu.

Adzati mtengwa anaseka mwamuna wake akufa. Mayi ananditcha chitsa uja adzakhala ndi ndiwo za chaka chonse.

Anene.

Loweruka, 2 Ogasiti

Tinakhala pakhonde pa Amayi dzuwa litakwera pang'ono. Amuna pa mipando, ife pa mphasa. A J. anaitanidwa monga mboni, a Molly anabwera osaitanidwa. Aphunzitsi anakhala kumapeto, osadziwa chomwe awaitanira.

A malume anayamba mwaulemu, kuti chaka chakwana, mwana ameteke, asudzulidwe, akasamale mayi ake.

A Jailosi anati, "Achimwene, timete munthu ali ku Joni akukumba golide? Akadzatulukira ndi sutukesi tidzati tsitsi tinametera chiyani? A Jameson, auzeni alendowa."

A J. anayamba. Mitanga iwiri, fumbi, windo, chipewa. Bulangete linaliponso.

Atamaliza a malume anati, "Mwanayu ali ndi mawu." Onse anatembenuka. Ndinagwada. Ndinamva a Jailosi akuti, "Nachete ali ndi mawu? Lero kugwa mvula." Ndi chimene chinanditsegula.

Ndinati, "A Jameson, phazi lija munabayidwa liti?"

"Phazi? Aa, nzakale zimenezo. Zikukhudzana bwanji?"

Ndinatulutsa kope m'nsalu nkulipereka kwa aphunzitsi ndi manja awiri. Ndinawalozera tsamba. A Jailosi anati, "Tsopano milandu tiziweruza ndi makope a ana a sukulu?" Aphunzitsi anati, "Timve kaye, bambo." Anawerenga ndi mawu awo a m'kalasi aja, pang'onopang'ono, osadumpha kanthu. Denga, mabwato, kampango. Pofika pa "Ng'ona yandigwira" Anna anabisa nkhope m'nsalu. Pofika pa a Jailosi kugwa chagada, a malume anafunsa modekha, "Kodi si paja munali pa Mbenji, achimwene?" A Jailosi anakanda m'khosi.

Kenaka anawerenga za Amayi. Kenaka za ine. Palibe anaseka.

A J. anaimirira. "Mwanayu wasokoneza masiku! Ine ndinali pa siteshoni!"

A Molly anawomba m'manja kamodzi. "Bambo, khalani pansi. Ndi tsiku lomwelo la denga. Masabata awiri simunaponde pansi, kuseri komwe ndinkachita kukugwirizani ine. Wa pa njinga uja atabwera ndi uthenga Lachisanu munali gone pa mphasa, phazi lili pamwamba pa mtondo. Ku Salima munapita ndi mapiko?"

"Nanga iwe bwanji sunanene chaka chonsechi?"

"Munkainena bwino. Nanenso ndinayamba kukuonani muli pa siteshonipo."

A J. anati, "Koma ndinamuona. Ngakhale panopa ndikumuona, chipewa chili m'mwamba." Mawu awo anali atachepa. Ndinawalozera aphunzitsi tsamba la pa 24. Anawerenga. A J. anakhala pansi, nkunyamula phazi lawo, kuliyang'ana ngati ndi la munthu wina.

Ndinkafuna kuti ndikondwe. Chaka chonse ndakhala ndikuwatukwana mumtima kuti ndi abodza. Koma si abodza. Ali ngati ine ndi malaya anga. Zimenezo zandikwiyitsanso, chifukwa tsopano ndikwiyire ndani?

Nthawi yonseyi Amayi anali ataweramitsa mutu. Nthawi zonse amati iwo tsiku limenelo anali kumunda wa chinangwa, mtima uli phee, ndipo mwana wawo akanafa bere likanawauza. Anatukula mutu nkuti, "Aphunzitsi, bwerezani pamene pakunena ine."

Aphunzitsi anayang'ana a Jailosi. Amayi anati, "Ndati bwerezani."

"Amayi aseka mpaka kukhala pansi pamchenga, misozi ili mbwembwembwe."

Anadzuka, nkulowa m'nyumba, nkutseka chitseko. Osatsanzika alendo.

A Jailosi anati nkhani yaima kaye, mwini mwana ndi mlongo wawo. Anatinso kope silinamuone Mateyu akukwera ya pamadzi. Nzoona, silinamuone. A malume ati adikira mpaka Lolemba masana, osapitirira.

Lamulungu, 3 Ogasiti

Amayi sanapite kutchalitchi. Sanadye. Phala ndinasiya pakhomo, nkhuku ndizo zadya.

Chitsa cha a J. chinali chopanda munthu. Mayi uja wayamba kale: "Ati anaseka mpaka nthiti." Ndinatembenuka nkumuyang'ana m'maso. Anayamba kukonza mpango.

Anna sakundiyankhula. Mwina ndapha mayi ake. Mwina mawa Amayi andiuza kuti ndikhale momwemo mpaka kale, chifukwa ndawachititsa manyazi pamaso pa alendo. A malume amanga kale kathumba kawo.

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndikusesa pabwalo m'mawa, chitseko chinatseguka. Amayi anatuluka opanda mpango kumutu. Anaima pafupi nane.

"Inali nthawi yanji?"

Ndinati, "Chiyani, Amayi?"

"Pamene tinkaseka. Dzuwa linali pati?"

Ndinati sindinalembe.

Kenaka anati, "Ndinasekadi. Ndakumbukira mchenga unandilowa m'nsalu." Anayang'ana kunyanja. "Palibe chinandiuza, mwana wanga. Ndinamubereka ine, koma palibe chinandiuza."

Sananditchulepo kuti "mwana wanga" chibwerere kuno.

"Malaya ake aja uli nawo?"

Ndinakatenga m'bokosi. Batani sindinasokerebe. Anawalandira, nkupita pakati penipeni pa bwalo, nkukhala pansi padothi, miyendo tambalale. Anawafunyulula pamiyendo. Ndiye anayamba.

"Mateyu mwana wanga ine! Mayo ine, nyanja yandilanda!"

Azimayi a m'mudzi anasiya mitondo nkuthamanga. A Molly ndiwo anayamba kufika. Amuna pansi pa mkuyu anasiya makoka nkuvula zipewa. A malume anamasula kathumba kawo. Ine ndinangoima ndi tsache m'manja, ukali udakali pachifuwa ngati mwala, ndipo ndinaganiza kuti misozi inauma kalekale, andichedwetsa, sinditha. Anna anandilanda tsache, nkundikoka dzanja, nkundikhazika pambali pa Amayi. Amayi anaika mkono umodzi wa malayawo pamwendo panga.

Akuti ndinamveka mpaka ku mabwato.

Mawu atha tsopano, pakhosi pakuwawa. Ndalowa kudzamwa madzi. Panja a Jailosi akunola chikwanje, akupita kukadula nthochi.